Mtambo Umene Ninakoka na Njinga

Wofuna kuseka aseke manje amalize, chifukwa ine Mbewe nikayamba kukamba sinifuna munthu wonidula pakamwa. Iwe Masauso, mwana wanga, ika foni m'thumba ukhale pansi. Na imwe ba bwana, amene Masauso wakubweretsani kuti mugule munda uno muudule maploti, khalani pa chitsa apo, fumbi la ku Kanakantapa silinaphepo nsapato. Mwakamba kuti nakalamba, kuti nikhala nekha, kuti nigulitse malo ano nikakhale ku Silverest m'nyumba ya mwana wanga ya mpanda wa mabuloko na geti yachitsulo. Namva. Koma mukalibe kutulutsa tepi yanu yopimira, muyambe mwadziwa chifukwa chake dimba ili lili biliwiri mwezi uno wa moto, pamene kwa anthu ena mbuzi zili kudya makatoni. Si feteleza, si pampu. Ni mtambo. Mtambo wangawanga, umene ninakautenga nekha ku Mwinilunga n'kuukoka na njinga iyo yatsamira pa mtengo wa mango. Mukumva? Wotsutsa aimirire, nimuonetse zipsera za malegeni m'manja muno.

Chinali chaka chija cha chimanga chachikasu, iwe Masauso uli pamsana pa amai ako. Ife kuno tinabwera tili anyamata osowa nchito a m'makomboni a mu Lusaka, a boma anatipatsa khasu, nkhwangwa na thengo, nati limani, ndipo tinalima mpaka thengo linapempha chikhululukiro. Ine ninapitirira anzanga onse, chifukwa ninagula ng'ombe ya mkaka kwa mlimi wina cha ku Palabana, yakuda na yoyera, yoyenda monyada, mwakuti amai ako anaitcha Dona. M'mawa uliwonse ninali kumanga zigubu za mkaka wake pa njinga na malegeni, mphira zija timadula ku chubu chakutha, ndipo kamangidwe kanga kanali kodziwika kuchoka kuno mpaka ku Chelstone. Mfundo imene namanga ine ngakhale satana samasula.

Ndiye mvula inakana. Sinikamba chilala cha masiku ano chimene mumaona pa tivi, nikamba chilala chenicheni, chakuti mtsinje wa Chongwe unauma mpaka ng'ona zinali kuyenda khomo na khomo kupempha madzi akumwa, nkhuku zinali kuikira mazira ophikaphika, ndipo Dona nikamukama munali kutuluka mkaka wa ufa, wongofuna supuni. Kathole kake kanafa. Imwe a m'tauni simudziwa, koma ng'ombe ikapanda kuona mwana wake imabisa mkaka, ungakoke bwanji sipatuluka kanthu, ndiye amai ako anasenda kachikopa ka kathole kaja, nakadzaza udzu mkati, nakaimika patsogolo pa Dona, iye n'kumakanyambita uku akutsitsa tiufa take. Koma tsiku linafika lakuti Dona anagona pansi, lilime panja, ndipo m'nyumba yonse munatsala madzi a m'chigubu chimodzi chabe. Dona akafa, ife basi, tinali kubwerera ku komboni na manyazi, kukagona pa khonde la achibale.

Ninati, "Amake Masauso, madzi a mtsinje sangangosowa chabe. Kulipo kumene apita, nikawalondola." Iwo anati, "Pitani, koma chigubu ichi musachikhudze." Ninakulunga malegeni anga onse m'chiuno, n'kukwera njinga, n'kutsikira mumtsinje momwemo, pamchenga, kulondola kumene Chongwe amathira.

Amene simunatsikepo mapiri aja opita ku chigwa cha Zambezi musaniuze za dziko lino, chifukwa simulidziwa. Mabuleki anapsa pa phiri loyamba, pa linalo ninali kugwira na zidendene mpaka nsapato zinayaka moto, pa lomaliza ninapitirira chithunzithunzi changa chomwe, chinachita kunipeza pansi chili wefuwefu, ndipo kumusi uko ninapeza nyama zimene Mulungu anaunjika ngati anaiwala kugawirako maiko ena: njovu zothithikana ngati anthu pa msika wa Soweto, njati zakuda bii chigwa chonse, mikango yogona chagada m'mithunzi yosafuna na kunidya komwe chifukwa cha kutentha, nkhwazi pa mtengo uliwonse, yeniyeni ija ili pa mbendera. Munga unaboola tayala la kumbuyo, pampu ninaiwala kunyumba, koma njovu ina yaikazi inaniona nili kakasi, inabwera, inaika chitamba pa vavu n'kupuma kamodzi, ndipo mpweya umenewo ukalimo mpaka lero, kadinikizeni tayala mumve. Koma Zambezi nayenso ninamupeza ataonda, mvuu zili pa mzere kudikira kulowa m'dziwe limodzi mosinthana, monga tinali kuchitira ife pa mzere wa sopo na mafuta ophikira a saladi masiku aja. Ninati apa palibe changa, madzi niwalondole kumene amabadwira. Ninatembenuza njinga kuyang'ana kumtunda kwa mtsinje.

Pa Chirundu ninadutsa malole a mkuwa ngati aima, madalaivala n'kumatsika kukaona ngati injini zazima. Khoma la Kariba ninalikwera osatsika pa njinga, mukumva, osatsika, ndipo pamwamba pake ninapeza kuti kutsogolo kulibe msewu, kuli nyanja yokhayokha, ndiye ninapalasa mwamphamvu kwakuti madzi analibe nthawi yoti animize, kapenta n'kumalumphira m'matumba a jekete n'kuumiramo na mphepo ya liwiro langa, moti kapenta wouma amene mumadya mu Lusaka nzeru yake inachokera m'jekete yanga, ngakhale palibe ananithokozapo. Pakati pa nyanja ninapeza mkulu wina wa Chitonga ali m'bwato, akuyang'ana pansi pa madzi osaponya mbedza. Ninafunsa chimene afuna. Analoza pakati pa nthambi za mitengo youma imene inali kutulukira pamwamba, nati, "Munda wa atate anga uli apo. Anatisamutsa pomanga khoma." Ninavula chisote, ba bwana, ndipo nikuuzani zoona, paulendo wonse ni pokhapo pamene miyendo yanga inalefuka, mwakuti madzi anafika m'maondo nisanakumbukire kupalasa.

Ku Mosi-oa-Tunya ninafikira kumusi, m'phompho mwenimweni. Zithunzi zimene mumaona pa makalenda ni zachibwana. Ngakhale chaka cha chilala, Zambezi amadziponya m'dzenje lija n'kubangula mpaka nthiti zako zimayankha, ndipo ine, pa njinga yopanda magiya, ninakwera madzi akugwawo, tcheni chafiira psuu, alendo ojambula akugwetsa makamera, utawaleza n'kukodwa m'masipoko, moti mitundu mukuiona pa madigadi a njinga iyo si dzimbiri iyai. Pamwamba ninaganiza zomanga utsi wa madzi umene umafuka pamenepo n'kubwerera nao kunyumba, koma ine wa mkaka thovu silininamiza. Ninaugwira, ninaufinya, ninapeza ni wopepuka ngati mkaka wothira madzi, ninausiya kuti alendo azijambula.

Kwa Alozi dziko ni lathyathyathya kwakuti ukapenyetsetsa kutsogolo umaona nkhongo yako yomwe. Mabwato ao aatali anali gone pa mchenga kudikira madzi, matayala anga akutitimira, ndiye nyumbu zinaona ndevu zanga na mahandulo a njinga n'kuniyesa mbale wao, zinaniika pakati pa gulu n'kuthamanga nane chigwa chonse mapazi anga osakhudza mapedulo, fumbi lathu n'kukagwera ku Angola.

Ndiye ninafika ku Mwinilunga. Ha! Malo aja Mulungu anawapanga atakhuta. Nkhalango yozizira, uchi ukudontha wokha m'mitengo, zinanazi zakuti chimodzi anthu awiri amachita kunyamulizana, ndipo pansi pa mizu ya mtengo wina ninapeza timadzi tikutumphuka, tochepa kwakuti nkhuku ingalumphe osanyowa. Eni ake a malo, Alunda, ananiuza kuti ameneyo ndiye Zambezi. Yemwe uja wa mvuu, wa khoma, wa phompho, ali khanda! Ninagwada, ninamwako na manja pang'ono chabe, ndipo ninamva pambuyo pake kuti tsiku limenelo malaiti anazima mu Lusaka monse. Nitadzuka n'kuyang'ana ku mapiri, ninaona chimene ninadzera. Mitambo inali kudya msipu pamwamba pa zitunda ngati ng'ombe, ina yagona, ina ikukanda msana pa mitengo, yonenepa, yosadziwa kuti kwina kuli chilala.

Munthu wamba akanathamangira chimtambo chakuda bii chimene chinali kugunda pakati pa inzake, koma ine ndine wa ng'ombe, ninadziwa kuti chimenecho ni nkhunzi, phokoso lokhalokha koma chosakamika. Ninazungulira gulu lonse mpaka ninaupeza wanga, wotuwa, wofatsa, mimba yolendewera mpaka kukhudza udzu. Sininabe iyai, ine si mbala. Ninapempha kwa eni ake, ninakhuthula kapenta yense wa m'jekete, iwo nati tengani, mitambo kuno yatichulukira, zochapa siziuma. Ninalumikiza malegeni anga onse, ninaponya, ninakola m'khosi, ninamanga ku kaliyala mfundo yanga ija. Pamene ninali kunyamuka, kamtambo kena kakang'ono, koyera, ka miyendo yosalimba, kanayamba kutilondola n'kumazungulira njinga, kufuna kulowa m'masipoko. Ninakaingitsa na chisote, kanabwerera ku mapiri. Musaniyang'ane choncho. Munthu amene wapalasa kuchoka ku Chongwe alibe nthawi yofunsa kamtambo kalikonse kuti ndiwe mwana wa ndani.

Pobwerera ninadzera ku migodi, ndipo mtambo unayamba kuvuta tikalibe kufika ku Solwezi, kucheukira kumbuyo, kulira, kuponya mateche a mphezi, imodzi inanipeza pamutu n'kutenga tsitsi lonse la pakati, dazi ili si ukalamba iyai. Ku Chingola ninaima pamphepete pa dzenje la mgodi lakuti phiri lonse lingalowemo n'kusowa, ndipo anyamata a m'migodi, anthu amene amatsika pansi pa dziko kuti ife tikhale na misewu na masukulu, ataona tsoka langa ananipatsa waya wa mkuwa, ninaumanga ku mchira wa mtambo kuti uzikokeka pansi, mphezi zonse n'kumathera m'nthaka. Mkuwa wathu uja, ba bwana, ulibe unzake. Pa Ndola mtambo unakodwa pa chumuni cha fakitale, ine osadziwa, nili kupalasa chabe, malegeni n'kumatamuka, kutamuka, mpaka ine nafika pa Kapiri iwo ukali pa Ndola, ndiye utamasuka unabwera na liwiro lakuti unanipitirira n'kuyamba kukoka ine, njinga m'mwamba, Kabwe ninamuona pansi ngati mbale, alimi a mafamu aakulu a ku Chisamba akuthamanga na mabeseni kunipempha kuti niwagwetsereko pang'ono, ndeke za pa eyapoti zaima pa mzere kudikira kuti nidutse. Ninatera pa chulu icho. Mukumva? Icho chomwecho.

Ninaumanga pa mtengo wa mango uwu, ukali waung'ono. Kanakantapa yense anabwera na ndowa, mabeseni, miphika, ena na zipewa, azimai kululutira, ine nili chilili pakati manja m'chiuno. Tinadikira. Zii. Ninagwedeza malegeni, palibe. Ninakwera pa makwerero n'kuyamba kukama na manja anga awa amene sanalepherepo ng'ombe, mtambo unangoumitsa mimba gwa, wayang'ana kumpoto. Akwaya anaimba, wina anaomba ng'oma, wina anati tiuboole na mkondo, dontho ngakhale limodzi osagwa. Dzuwa linapendeka, anthu anayamba kunyamula ndowa zao mmodzimmodzi, ena akuseka kuti Mbewe wayenda ulendo wonsewo kukatenga mthunzi. Dona anali atasiya na kuphethira komwe. Nikuuzani, ine amene sininaope mkango, pamenepo ninachita mantha.

Amai ako, Masauso, anasendera pafupi, iwe uli pamsana. Anauzungulira mtambo, anayang'ana kumene unali kuyang'ana, nabwera pafupi na ine kuti anthu asamve. Anati, "Atate ake Masauso, mwana wake mwamusiya kuti?" Pamenepo ninakumbukira kamtambo kaja ninakaingitsa na chisote. Anati, "Tsiku na tsiku muona zimene nichita na Dona, koma mwakatenga mai n'kusiya mwana." Sanakalipe, sanaseke. Analowa m'nyumba n'kutuluka na chigubu chija, madzi atatsala pansi penipeni, na ketulo yathu yakuda, na mbaula. Ninawagwira dzanja. Ninati, "Mai, madzi awa ni a mwana na a Dona. Akapita awa tatha." Anati, "Tatha kale. Kolezani moto."

Anathira madzi onse, osasiyako na a pa supuni omwe, naika ketulo pansi pa mphuno ya mtambo. Ine kupemerera makala. Ketulo inayamba kulira, ndipo pa mlomo pake panatuluka kanthunzi koyera, koonda, kogwedera ngati kathole kobadwa kumene, kakukwera pang'onopang'ono, amai ako n'kuyamba kanyimbo kaja ka m'mphuno kamene anali kuimbira Dona pokama. Mtambo unatembenuka. Unatsitsa mutu mpaka masamba a mango anayoyoka, unanunkhiza, unabwerera m'mbuyo, unanunkhizanso. Madzi m'ketulo akuchepa, ine nikumva kulira kwake kukusintha, nthunzi ikuonda, fungo la chitsulo chopsa layamba, amai ako osasiya kuimba, osayang'ana ketulo na kamodzi komwe. Ndiye mtambo unatulutsa lilime n'kunyambita kanthunzi kaja, unalira kulira kwa pansipansi kumene ng'ombe imalirira mwana wake yekha, ndipo dontho loyamba linagwera pa chivundikiro cha ketulo.

Mayo ine! Inagwa mvula yakuti ndowa zinadzaza zikali m'manja mwa anthu othawa, Chongwe anadzuka na mkokomo ng'ona n'kuthamangira kwao osatsazika, nsomba tinali kutola m'mizere ya chimanga, Dona anaimirira n'kutulutsa mkaka wakuti zigubu zinatha tinayamba kuthira m'bafa, chimanga chinatalika mwakuti pokolola tinali kugwetsa na nkhwangwa, ndipo madzi analowa pansi pa munda uno mozama kwakuti chitsime icho sichinaumepo kufikira lero. Anthu ananinyamula pa mapewa, ndipo zinaniyenera, chifukwa palibe mwamuna wina mu Zambia muno anakokapo mtambo na njinga. Koma nili m'mwamba momwemo ninaona amai ako atakhala pa mvula, ketulo yopsa pa miyendo, akukupukuta iwe kumaso na chitenje, ndipo dziko lonse limene ninazungulira sininaonemo chinthu chachikulu choposa icho, ngakhale Mosi-oa-Tunya.

M'mawa mwake amai ako anamasula okha mfundo yanga ija imene satana samasula, na zala chabe, nati mai sasungidwa pa chingwe, azabwera yekha. Ndipo umabweradi. Chaka na chaka, kutentha kukafika pamene kwafika apa, amai ako anali kutulutsa mbaula pansi pa mango, kuika ketulo, kuimba, mtambo n'kuchoka ku Mwinilunga kuzaona mwana wake, ndipo ukamaliza kuno umapita kukagwetsera Palabana, Chongwe yense, na Silverest wanu yemwe. Repu na matimati amene mumagula pa msewu pochoka ku nchito mumayesa amamwa chani? Manje amai ako agona kuseri kwa chulu icho, pamene ninatera. Ketulo nimaika ine. Mau anga ni oipa, kanyimbo nikadziwa theka, ndiye mtambo masiku ano umachedwa, ukafika umazungulira nyumba, kusuzumira pa khomo, kufunafuna, kenaka umakaima pa chulu paja n'kuyamba kugwetsa pamenepo, pang'onopang'ono, usanapite kwa wina aliyense. Ine nimakhala apa n'kumauona, ndipo nimawasowa amai ako kwakuti chifuwa chimawawa.

Ndiye niuze iwe Masauso, wophunzira. Nikapita ku Silverest, ketulo ya malaiti m'khichini ya siling'i na mawindo otseka, mtambo uzamuona bwanji mwana wake? Ukabwera kuno n'kupeza mabuloko na mageti, chulu atachisalaza na buludoza, uzaima pati? Mukuti ni bodza? Chabwino, kagulani munda wa munthu wina amene alibe mtambo. Uno sinigulitsa, lero, mawa, kapena tsiku limene muzabwera na galimoto ina yoposa iyi. Usapukute maso na tayi, mwana wanga. Lowa m'nyumba unitengere ketulo, ili pamwamba pa kabati, yakuda yopsa kunsi, makala ali kuseri kwa chitseko. Kanyimbo kaja iwe unakamvera pamsana, mwina theka limene naiwala lili na iwe. Ndipo imwe ba bwana, yang'anani kumpoto uko, pamwamba pa mitengo. Mwauona? Nikanakhala imwe nikanaliza galimoto manje, chifukwa msewu wa ku Kanakantapa ukanyowa, njinga yanga imakoka mitambo chabe, sikoka magalimoto.